Bwanji Sheya ya M'kopaletivu Siigulitsidwa Ngati Mbuzi?

Achikumbi anzathu, miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndiyo imayesa mphamvu ya makopaletivu. Chimanga cha m'nkhokwe chimakhala chitatha, cha m'munda chisanakhwime, fodya akadali m'chigafa, ndipo ana akufuna fizi ya teremu yachiwiri. Pa nyengo imeneyi ife alangizi timalandira funso limodzimodzi kuchokera kwa alimi ambiri, makamaka iwo okhala m'malokeshoni a mu Lilongwe, monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, amene nyumba zawo zili m'tauni koma minda yawo ili ku Mitundu, ku Malingunde, ku Nsaru kapena ku Kasiya. Funso lake ndi ili: "Ndalama ndidapereka ndine, sheya ndi yanga, wogula ndamupeza; nanga komiti ikundikaniza bwanji kugulitsa?" Funso limeneli si lopusa, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi ukali. Tifuna kuliyankha bwinobwino.

Poyamba tiyeni timvetse chimene munthu amagula pamene agula sheya. Mukagulitsa mbuzi, wogula amakoka mbuzi yake n'kumapita, ndipo za inu ndi iye zathera pomwepo. Sheya ya m'kopaletivu siili chotero. M'kati mwake muli ndalama zanu, inde, koma mulinso mpando wanu pamsonkhano waukulu, pamene mumasankha atsogoleri ndi kuvomereza mtengo wogulitsira zokolola za gulu lonse. Mulinso lonjezo lanu lakuti mudzabweretsa chimanga, soya kapena mtedza wanu ku nyumba yosungiramo katundu ya gulu, ndi kuti mudzasenza nawo ngongole imene gulu lingatenge. Chotero munthu wogulitsa sheya kwa mlendo sagulitsa chake chokha ayi. Amalowetsa mlendoyo m'nyumba ya anzake, n'kumukhazika pamphasa, eni nyumba asanafunsidwe.

Ena mwa inu adzati, "Nanga bwanji masheya a ku Blantyre amagulitsidwa tsiku ndi tsiku popanda wofunsa?" Nzoona. Pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, pamene kampani ya NICO idayamba kulembetsa mu 1996, munthu aliyense angathe kugula masheya a Illovo, National Bank kapena Airtel lero n'kuwagulitsa sabata yamawa kwa munthu amene sadamuonepo nkhope. Koma makampani amenewo amafuna ndalama ya munthu, osati munthuyo. Sasamala ngati mwini sheya ali ndi munda kapena alibe. Kopaletivu imafuna munthuyo ndi khasu lake. Ndipo dziwaninso kuti ngakhale makampani ang'onoang'ono, amene anthu a pabanja kapena abwenzi amalembetsa pansi pa lamulo la makampani la 2013, saitanira anthu wamba kudzagula masheya awo. M'mapangano awo amalemba kawirikawiri kuti wofuna kutuluka ayambe wauza anzake, kuti iwo akhale oyamba kugula. Azamalonda ophunzira amadzimanga okha ndi chingwe chimenechi, popeza amadziwa kuti bwenzi losasankha limagwetsa bizinesi.

Kumene malamulowa adachokera

Malamulo amenewa sadayambe ndi tcheyamani wanu. Mu 1844, m'tauni ya Rochdale ku England, anthu 28, ambiri a iwo owomba nsalu, adasonkha paundi imodzi aliyense natsegula kasitolo kawo. Adagwirizana kuti munthu mmodzi akhale ndi voti imodzi, kaya waika ndalama zambiri kaya zochepa. Mfundo imeneyi idafalikira m'maiko ambiri. Ku India, kumene alimi anali kumira m'ngongole za akatapila, lamulo la makopaletivu la 1912 lidaonjezapo zina: kuti membala mmodzi asakhale ndi masheya opyola limodzi mwa magawo asanu a chuma chonse cha gulu, kuti m'magulu amene mamembala amasenzerana ngongole yonse, sheya isachoke m'manja mwa mwini wake chaka chisanathe, ndipo ikachoka ipite kwa gulu lenilenilo kapena kwa membala mnzake, ndiponso kuti gulu lisakongoze munthu wakunja. Lamulo la makopaletivu la Nyasaland la 1946 lidamangidwa pa maziko omwewo. Magulu oyamba kukula anali a kumpoto, monga a khofi ku Misuku ndi a mpunga ku Karonga. Ambiri adafooka ufulu utabwera, pamene kugula mbewu kudaikidwa m'manja mwa bungwe la Boma. Lamulo la 1998 ndilo lidatsitsimutsa makopaletivu a alimi, ndipo mukatsegula buku la malamulo a gulu lanu mudzapeza mfundo zakale zomwezi zitangovala chovala chatsopano.

Tsono tiyeni tione ntchito yake ndi masamu, pakuti nkhani ya ndalama imamveka bwino ndi manambala. Tiyerekeze kopaletivu ya alimi 40 a ku Mitundu, aliyense ali ndi masheya 5, onse pamodzi masheya 200. Gulu limeneli limasonkhanitsa soya ndi mtedza, n'kusunga mpaka mtengo utakwera, kenaka n'kuitana ogula kuti apikisane. Mmodzi wa ogulawo ali ndi sikelo yake pamsika wa ku Mgona, kumene malole a mtedza amatsitsa ndi kukweza tsiku lonse. Sitikunena kuti ogula a kumeneko ndi akuba. Ambiri amachita malonda awo moona, ndipo popanda iwo mtedza wathu ukadaola m'nyumba. Koma wogula aliyense, ngakhale wopemphera, amafuna kugula motchipa, monganso inu mumafuna kugulitsa modula. Mu Febuluwale iye ali ndi ndalama m'thumba pamene inu mulibe. Kukadakhala kopanda lamulo, akadagula masheya a anthu 7 chaka chino, 7 chaka chamawa, 7 chaka chinacho, nalembetsa mlamu wake, dalaivala wake ndi anyamata ake onyamula matumba. Pakutha pa zaka zitatu mipando 21 mwa mipando 40 ikadakhala yake. Pa tsiku lokambirana mtengo akadakhala mbali zonse ziwiri za sikelo, wogula yemweyo, wogulitsa yemweyo. Alimi 19 otsalawo akadachita chiyani? Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kumuchotsa munthu woteroyo n'kuswa gulu lomwe.

Ichi ndicho chifukwa chake sheya imapita kwa membala mnzanu, kapena kwa munthu amene wapempha kulowa ndipo komiti yamuvomereza itaona kuti ndi mlimi weniweni wa dera lomwelo.

Pali ena amafunsa kuti, ngati munthu aliyense ali ndi voti imodzi, vuto lili pati membala wolemera akagula masheya ambiri? Vuto lake ndi lakuti ndalama imalankhula ngakhale mwini wake atakhala chete. Pa masheya 200 aja, muyezo wa limodzi mwa magawo asanu ukutanthauza kuti palibe wopyola 40. Munthu atakhala ndi masheya 110, sakadafunikanso kukweza dzanja pamsonkhano. Akadangonong'oneza kuti, "Mukapanda kuchita zimene ndikufuna, ndichotsa ndalama zanga," ndipo onse akadagwada, podziwa kuti iye akatuluka, denga la nyumba yosungiramo katundu lipita naye.

Za chikole sitichulutsa mawu. Kupereka khadi la masheya kwa munthu wa katapila ku Area 23 kapena ku Chinsapo n'kugulitsa komweko koyenda usiku. Gulu silimudziwa munthuyo, ndipo silidzamulemba m'buku. Komanso m'magulu ambiri sheya yanu imakhala kale chikole cha ngongole imene muli nayo ku gulu, chotero simungaike mbuzi imodzi pa zingwe ziwiri.

Malonda oletsedwa

Kupatula za masheya, pali malonda ena amene pangano limaletsa, ndipo kwa alimi a fodya apa ndipo pagona nkhani.

Kuyambira 2012 fodya wambiri wa m'dziko muno amalimidwa pa kontrakiti, ndipo wochepa ndiye amapita ku okushoni wamba. Kampani yogula imapereka mbewu, feteleza ndi mankhwala pangongole, n'kutumiza mlangizi wake, ndipo mlimi amalonjeza kuti adzagulitsa fodya wake kwa kampaniyo, kuti ngongole idzadulidwe pa tsiku la msika. Mlimi aliyense kapena kalabu iliyonse imalembetsa ku Tobacco Commission, bungwe limene likugwira ntchito pansi pa lamulo la fodya, ndipo imapatsidwa nambala ndi mlingo wa makilogalamu amene ingagulitse. Misika yake ndi yodziwika: Kanengo kuno ku Lilongwe, Chinkhoma ku Kasungu, Limbe ndi Mzuzu.

Koma msika umatsegulidwa mochedwa kwa munthu wanjala. Fodya woyamba amauma ana akulira, ndipo mavenda amadziwa bwino mwezi wofikira pakhomo. Amabwera ndi ndalama zogwirika, ndipo mlimi amakumbukira mwambi uja wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Amatulutsa mabelo awiri usiku. M'maso mwake waba kwa kampani yolemera, imene singamve kuwawa. Koma taonani amene amalipira. M'makalabu ambiri mamembala amasainirana ngongole, kutanthauza kuti mmodzi akalephera kubweza, otsalawo amadulidwa. Mayi wamasiye amene adapereka fodya wake yense mokhulupirika amapita ku banki napeza kuti ndalama zake zachepa chifukwa cha mabelo awiri amene sadawaonepo. Chaka chotsatira kalabu yonse ingathe kumanidwa feteleza. Tikamanena kuti kugulitsa kumbali n'koletsedwa, sititeteza kampani kwenikweni. Kampani ili ndi maloya ake. Titeteza mayi ameneyu.

Boma lidayesapo kumasula malonda amenewa. Mu 1994 lidalola ogula apakati kuti azigula fodya m'midzi n'kukamugulitsa ku okushoni. Patapita zaka zochepa lidathetsa dongosololi, madandaulo atachuluka akuti fodya akubedwa m'zigafa, ngongole sizikubwezedwa, ndipo masamba osasankha bwino akuononga mbiri ya fodya wa Malawi.

Chinthu china chofala pafupi ndi Kanengo, ku Area 25 ndi ku Mgona, ndicho kubwereketsa nambala. Munthu wopanda chiphaso, amene watola fodya uku ndi uku, amapempha mlimi wolembetsa kuti mabelo ake alowe pa dzina lake, namulonjeza kangachepe. Mlimi amaganiza kuti wapeza ndalama yosakhetsera thukuta. Koma belo likatsegulidwa pamsika n'kupezeka kuti m'kati mwabisidwa fodya woola, kapena muli tizidutswa ta pulasitiki, dzina loitanidwa ndi lake. Mlingo ukapyola, wofunsidwa ndi iye. Mwini fodya uja amakhala ataima patali, manja ali m'thumba. Nambala ya fodya ili ngati sheya ija: idaperekedwa kwa inu chifukwa cha munda wanu ndi mbiri yanu, ndipo siyenda kupita kwa wina ndi pakamwa pokha.

Atsogoleri nawonso ali ndi zoletsedwa zawo, ndipo mamembala ayenera kuzidziwa koposa zonse. Wa komiti asagule katundu wa gulu mobisa kudzera mwa mkazi wake kapena mphwake. Asapereke ntchito yonyamula matumba kwa lole yake yomwe popanda kuulula ndi kutuluka panja pamene anzake akukambirana. Ndalama za gulu zisakongozedwe kwa munthu wosakhala membala, ngakhale akhale mfumu kapena mkulu wa mpingo. Amayi a banki mkhonde ku Kawale ndi ku Biwi amalidziwa lamulo limeneli kuposa abambo ambiri a m'makopaletivu. Kwa iwo bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, munthu amagula masheya osapyola 5 pa msonkhano umodzi, ndipo ngongole imatsata masheya ake. Gulu lotere likagwa, kawirikawiri mukafufuza mudzapeza kuti wina adatengera ngongole mwamuna wake kapena mnzake wa kuntchito amene sanali m'gulumo.

Kukayika kwa alimi kuli ndi chifukwa

Tsopano tinene mbali ina, pakuti sitingakhale alangizi oona tikabisa. Mlimi wa m'boma la Lilongwe akamva mawu akuti "n'koletsedwa kugulitsa kwina," mtima wake umadumpha, ndipo sitimudzudzula. Agogo ake adawamva mawu omwewa. Mu 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, adayamba kulimitsa fodya wa chikopa ku Mbabzi, ndipo m'zaka zochepa alimi zikwi zambiri a m'midzi ya kuno adayamba kulima okha. Mu 1926 Boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board, imene idayamba kulembetsa alimi, ndipo pambuyo pake idachepetsa misika ndi chiwerengero cha ololedwa kulima. Okushoni itayamba ku Limbe mu 1938, mlimi wa m'mudzi sanali kupita nayo yekha mbewu yake; bungwe ndilo linali kugula kwa iye n'kukagulitsa pamtengo wokwera. Dzina lidasintha kangapo, kukhala Agricultural Production and Marketing Board mu 1956, Farmers Marketing Board mu 1962, ndi ADMARC mu 1971, koma mlimi adapitirira kulandira gawo lochepa la mtengo wa thukuta lake. Fodya wa bale, amene anali ndi ndalama zambiri, adaletsedwa kwa alimi ang'onoang'ono mpaka 1990.

Kusiyana kwake n'kotani? Malamulo aja adapangidwa ndi anthu ena, ndipo phindu lake lidapita kwa anthu ena. Mlimi sakadatha kuwasintha, kapena kuona mabuku, kapena kuchotsa woyendetsa. Malamulo a kopaletivu amavomerezedwa ndi mamembala pamsonkhano, phindu lotsala limagawidwa kwa iwo omwe, ndipo komiti ikalakwa amaichotsa ndi mavoti. Koma kusiyana kumeneku kumakhalapo pokhapokha msonkhano ukamachitikadi ndipo mabuku akamawerengedwadi pamaso pa onse. Kopaletivu imene imaletsa mlimi kugulitsa kwina, koma imasunga ndalama zake miyezi isanu osamulipira, ndipo siitanitsa msonkhano zaka ziwiri, yasanduka bodi yakale ija itavala malaya a mlimi. M'maganizo athu, gulu lotero lilibe pakamwa podzudzulira membala wogulitsa kwa venda. Chimodzimodzinso kontrakiti ya fodya: mlimi womangidwa kugulitsa kwa kampani imodzi ali ndi ufulu wopatsidwa pepala lake la pangano, wodziwa mtengo wa feteleza amene wakongola asanasaine, ndi wodziwa chimene chidzachitike fodya wake akakanidwa.

Palinso mtengo wina umene membala amalipira, ndipo ndi wolemera. Sheya ya m'kopaletivu siikwera mtengo monga ya ku Blantyre. Imene mudagula ndi K10,000 imalembedwabe K10,000. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo idaleka kugula feteleza amene inali kugula kale, mwini wake ali chimangire manja. Phindu la membala liyenera kuchokera ku mtengo wabwino wa zokolola, ku zipangizo zotchipa ndi ku bonasi ya pachaka. Zimenezi zikasowa, ndiye kuti wangotsekeredwa ndalama zake pachabe.

Chotero gulu lanzeru likatseka khomo lina limatsegula lina. Lingathe kukhala ndi thumba la ngozi, lothandiza pa matenda ndi maliro. Lingathe kukongoza membala ndalama pang'ono molingana ndi masheya ake, monga amachitira ma SACCO, amene ali ndi lamulo lawolawo la 2011 ndipo ambiri ali pansi pa MUSCCO, bungwe lokhazikitsidwa mu 1980. Lingathe kupereka theka la mtengo pa tsiku limene mlimi watula matumba, kuti asayang'ane kwa venda. Ndipo liyenera kulemba poyera masiku amene wofuna kutuluka adikire asanabwezeredwe ndalama zake, ngongole zake zitachotsedwa. Ngati m'buku la gulu lanu mulibe zimenezi, malamulo a gulu si mwala. Amasinthidwa pamsonkhano waukulu, ndipo kusinthako kumatumizidwa ku ofesi ya Rejisitala wa makopaletivu kuti kukalembedwe.

Nkhani yotsala ndi ya imfa, imene anthu sakonda kuikamba. Membala akamwalira, sheya yake siitengedwa ndi m'bale amene wafika msanga pamaliro. Buku la gulu limakhala ndi malo olembapo dzina la munthu amene membala wasankha kuti adzalandire gawo lake. Munthuyo akakhala mlimi woyenera, angathe kulowa m'malo mwake; akakhala kuti si mlimi, monga mwana wogwira ntchito ku Johannesburg, amalandira ndalama zake, koma mpando salandira. Pamene malowo adasiyidwa osalemba, mkangano umabuka pakati pa mkazi wa ku Biwi ndi abale a kumudzi, ndipo komiti imasowa womupatsa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu, koma njira ya ku khoti ndi yaitali kwa munthu amene akufuna mbewu mvula isanagwe. Inu amene mukhala m'tauni ndipo mumangotumiza ndalama za ganyu kumudzi, pitani nokha ku msonkhano wa chaka chino. Pemphani mlembi akuonetseni tsamba lanu, muwerenge masheya amene adalembedwa, ndipo muone ngati dzina la wolandira lilipo ndiponso ngati mwini dzinalo akadali moyo.